Agogo anawoloka malire ndi mfunda wawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Katete, kuno kum'mawa kwa Zambia. Akuti agogo awo aakazi anathawa nkhondo ya ku Mozambique nakakhala kumalo a othawa nkhondo ku Ukwimi, kudera la Petauke, ndipo mpaka lero amaseka, amalima, amaweruza nkhani za pabanja. Koma amalume awo, amene anagwidwa ndi a Renamo ali mnyamata, anabwerako ali duu, ndipo masiku ano amangokhalira mowa. Funso lawo ndi lakuti: n'chiyani chinalimbitsa agogo mtima chimene amalume analibe?

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Choyamba ndikupempheni kuti musawaone amalume ngati munthu wofooka. Anthu awiriwa nkhondo sinawalande zofanana.

Nkhondo ya boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome mu October 1992. Ife a kuno kum'mawa tinaimva pafupi, chifukwa midzi ya m'malire, ku Chadiza ndi Katete komweko, inaukiridwanso. Amene anathawa kuchokera ku Tete anasiya nkhokwe, mbuzi ndi manda a makolo. Koma taganizirani agogo anu atangofika kuno. Wina awafunsa kuti, "Ndinu ayani?" Iwo ayankha kuti ndi a Phiri, kapena a Banda, kapena a Mbewe. Pomwepo papezeka wina wonena kuti, "Ndiye kuti ndinu alongo anga." Chinenero chimodzi, nsima imodzi, maliro olira mofanana, ndipo Achewa a mbali zonse amakalambira kwa Kalonga Gawa Undi yemweyo ku Mkaika. Malire anajambulidwa ndi atsamunda, koma mfunda unali kale mbali zonse ziwiri. Agogo anataya katundu, koma m'mawa uliwonse ankadzuka akudziwa kuti ndi mayi wa uje, mwana wa uje, ndipo pali ana ofunika kuwaphikira phala. Munthu amene akudziwa kuti ndi yani amadziwanso chochita lero, ngakhale mawa sakulidziwa.

Amalume analandidwa chimenechi. N'zodziwika kuti pa nkhondo ija anyamata ogwidwa ankakakamizidwa kuchita zoopsa, nthawi zina kwa anthu a kwawo komwe, kuti njira yobwerera kumudzi itsekeke. Cholinga chinali chakuti mwana aleke kudziona ngati mphwake wa munthu, azidziona ngati mfuti basi. Ndiye pobwerako, dzina limene mayi ake anamupatsa amalimva ngati la munthu wina.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi amene amati kudzidziwa ndi nkhani ya mumtima mwa munthu yekha. Ayi ndithu. Pamafunika anthu okuitana ndi dzina lako. Ku Mozambique midzi yambiri inazindikira izi, moti obwera kunkhondo ankawasambitsa mwamwambo asanalowe m'nyumba, kuti mudzi wonse uone kuti mwana wawo wabwera.

Ife a ku Chipata tili ndi chitsanzo pakhomo. Mu 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndi Angerezi, mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zinalandidwa, ndipo Nc'wala, mwambo wawo wothokoza pa zokolola zoyamba, inaleka. Inadzayambiranso mu 1980. Zaka zoposa 80 zimenezo, ndani ankasunga ingoma ndi zithokozo? Agogo a m'midzi, amene sanaleke kuitana ana awo kuti Jere, Zulu, Tembo. Ndikaona zikopa ndi nthenga pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ndimakumbukira iwowo kuposa alendo a pa mipando yapamwamba.

Ndiyenera kunenanso kuti mtundu womwewu ukasanduka chodera anzako, umabala nkhondo ina. Agogo anu sanalimbe chifukwa chodana ndi wina aliyense.

Tsono za amalume. Mfunda wokha suchiza maloto oipa kapena mowa, choncho pitani nawo kuchipatala mukafunse oona za matenda a maganizo, ndipo musachite manyazi. Kunyumba musawaumirize kufotokoza zimene anaona. Koma pakakhala nkhani ya chikwati cha mwana wanu, aitaneni akhale pamalo pa amalume, wolankhula akhale iwowo. Pothokoza atchuleni mfunda wawo mokweza, anthu amve. Ndipo agogo akadali moyo, khalani nawo pamkeka, amalume ali pompo, atchule mayina a midzi ndi mitsinje ya kwawo, inu muzilemba.