Maphunziro a mbiri ya eni nthaka: yankho kwa achemwali a ku Winnipeg

Achemwali ena omwe angoyamba kumene ntchito ya boma ku Winnipeg, m'dziko la Canada, andilembera imelo. Akuti sabata yoyamba anawakhazika pa maphunziro a mbiri ya eni nthaka a dzikolo, a First Nations, Inuit ndi Métis, ndiye akufunsa ngati zimenezi zimasinthadi kagwiridwe ka ntchito m'maofesi kapena n'kungotaya nthawi.

Achemwali, pitani ndithu, mukatchere khutu. Maphunzirowo ali ndi gwero lake: mu 2015 bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lomwe linafufuza nkhanza za m'sukulu zogonera komweko kumene ana a eni nthaka ankatengeredwa mokakamiza, linapereka mfundo 94, ndipo ya nambala 57 imati ogwira ntchito m'boma aphunzitsidwe mbiri imeneyi. Koma paokha sakwanira, ndipo umboni uli mumzinda mwanu momwemo.

M'chipatala cha ku Winnipeg munagonekedwa mwana wotchedwa Jordan River Anderson, wa ku Norway House Cree Nation, dera la eni nthaka a First Nations, yemwe anabadwa mu 1999 ndi matenda ovuta. Ali ndi zaka ziwiri, madokotala anati angathe kutuluka n'kumakasamalidwa panyumba. Apa mpamene boma lalikulu la dzikolo, la ku Ottawa, ndi la chigawo cha Manitoba, kumene kuli Winnipeg, anayamba kukankhirana kuti alipire ndani. Zaka zoposa ziwiri zinatha makalata akungozungulira. Jordan anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 5, m'chipatala momwemo, asanagonepo kunyumba ngakhale usiku umodzi. Ife oleredwa ndi "mubwere mawa, abwana achokapo" sitingadabwe kwenikweni, koma kuti zichitike m'dziko lolemera chonchija, mutu umaima.

Mu 2007 aphungu ku Ottawa anavomereza mfundo yotchedwa Jordan's Principle: ofesi imene yayamba kupemphedwa thandizo la mwana wa First Nations ilipire kaye, za amene abweze ndalamazo akakambirane pambuyo. Mfundo yomveka ngakhale kwa mwana wa pulayimale. Koma itafika m'maofesi anaichepetsa, akuti ikhudze ana okhawo a zilema zingapo, komanso pokhapokha maboma awiriwo akakhala kuti akukanganadi. Ana ambiri anatsala kunja. Zinatengera madandaulo a Mayi Cindy Blackstock, omenyera ufulu wa ana a First Nations, ndi anzawo kuti mu 2016 bwalo loona za ufulu wa anthu ligamule kuti boma la ku Ottawa likuchitira tsankho ana a First Nations, n'kulilamula kuti litsatire mfundoyo mokwanira.

Ndiye mukabwerako ku maphunziroko, tsegulani buku la ndondomeko za ofesi yanu. Onani amene amatanthauzira mawu akuti "woyenera kuthandizidwa", ndiponso ngati eni nthakawo analipo powalemba. Funsani abwana anu kuti pempho likagwera pakati pa maofesi awiri limakhala pa tebulo la ndani, kwa masiku angati. Akakuyankhani kuti zimatengera, pemphani akuuzeni zimene zimatengerazo, makamaka polemba.