Kwa amayi amene mwadzudzulidwa chifukwa cha fulaye

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo ndalephera kungolidutsa. Mwati muli ndi zaka 41, muli pabanja ndipo muli ndi ana atatu. Loweruka lapitali munalowa m'bwalo la fulaye ndi ana anu ndi anzawo kuseri kwa nyumba, alamu anu n'kukupezani muli wefuwefu, miyendo ili mbuu ndi fumbi, n'kukuuzani kuti mayi wapabanja sachita zachibwana zotere. Tsopano manyazi akugwirani, ndipo mukufunsa ngati alipo ena akuluakulu amene amakondabe zinthu za paubwana. Alipo, ndipo ndife ambiri. Ine ndakuposani ndi zaka 9, ndili ndi zidzukulu ziwiri, koma fulaye ndimasewerabe.

Ndinakulira ku Ntcheu, m'mudzi wina kufupi ndi msewu wa M1. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ine ndili kale pabanja, choncho ubwana wanga wonse unathera pabwalo. Mpira wa fulaye tinkapanga tokha. Tinkatenga sokosi yakutha ya achimwene, n'kuipakira nsanza ndi mapepala a shuga, n'kumanga ndi luzi mpaka ulimbe. Awiri amaima uku ndi uku, iwe pakati, botolo la Fanta lili pamulu wa mchenga. Maso kumpira, manja kumchenga. Ukaulewa umagwada msanga n'kuthira mchenga m'botolo, ukauwakha umauponya kutali kutchire kuti okugendawo akavutike kuufuna, iwe uli kalikiliki kudzaza. Nthawi imeneyo akazi sitinkaloledwa kuvala buluku, lamulo lake linachoka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndiye diresi tinkangoipisira m'mbali n'kumadumpha. Mpaka lero ndikaona ma Queens akusewera, mmene Mary Waya ankawakhira mpira kapena mmene Mwawi Kumwenda amatembenukira, ine ndimaona fulaye wa kumudzi.

Ndinakhala zaka zoposa 20 osasewera. Palibe anandiletsa, ndinangoona kuti anzanga onse asiya, inenso n'kusiya. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo kuno ku Area 25, ndinapeza atsikana akusewera pamsewu wafumbi wa kwathu, mpira n'kugubuduka kudzaima paphazi panga. Ndinatula thumba la ufa, ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kuwafunsa kuti, "Kodi ndingalowe nawo?" Anayang'anana kaye, kenako wamng'ono kwambiri anati, "Lowani agogo." Achemwali, miyendo inakumbuka yokha. Sindinaganize zoti ndipendekere kuti, thupi linkangodziwa. Ndinadzaza botolo limodzi ndi theka asanandigende pamsana. Chimene chinandikhudza ndi chakuti nthawi yonse imene ndinali pakatipo sindinaganizeko za fizi, za ngongole ya kubanki m'khonde, ngakhale za matenda a amayi anga amene ankandisowetsa tulo masiku amenewo. Mtima unapepuka mmene sunapepukirepo kwa miyezi. Ndinasenza ufa wanga n'kumapita kunyumba ndikuseka ndekha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'anitsitsa anthu, ndipo ndinaona kuti zimenezi sitinazisiye ayi. Tinangophunzira kuzibisa, ndipo kawirikawiri timabisala kumbuyo kwa ana. Bambo amagula Kamba Puffs n'kumati ndi za ana, koma paketi imodzi imatsegulidwa m'minibasi asanafike n'komwe kunyumba. Mayi amati akuphunzitsa mwana jingo, koma chingwe chikayamba kuzungulira amene sakufuna kutulukamo ndi mayiyo. Amuna anga anatenga pulayala tsiku lina kuti athandize mdzukulu wathu kuwongola waya wa galimoto yake. Anakhala pakhonde madzulo atatu otsatizana. Anaikira galimotoyo chiwongolero chachitali chokhotetsa matayala akutsogolo, matayala a zitini za polishi okulungidwa ndi mphira, ndi mpando wa dalaivala. Mwana ankagona n'kuwasiya akupinda mawaya. Atamaliza anayamba ndi iwowo kuiyendetsa kuzungulira nyumba, akulira ngati injini ndi pakamwa, n'kumasintha magiya pokwera kachitunda ka kubafa. Ndakhala nawo zaka 28, ndipo nkhope imene anali nayo tsiku limenelo ndaiona kangapo kokha.

Pali china chimene chimandiwawa pa nkhani yanuyi, ndipo ndichinena poyera. Masewera a abambo tinawapatsa mayina aulemu, koma a amayi timawatcha chibwana. Bambo akakhala pa bawo kuyambira 2 koloko masana mpaka dzuwa kulowa, palibe amene amati wachita zachibwana. Timati madoda ali pa bawo. Koma bawo ndi chiyani? Ndi mabowo 32 ndi nkhomo 64, masewera omwewo amene anyamata ankayamba pokumba timaenje pansi pa mtengo wa mango n'kuikamo timiyala. Kukuwa kwake, kunyozana kwake, kumenyetsa nkhomo pathabwa pamene wadya za mnzako, zonsezo ndi za paubwana, ndipo n'zabwino. Pitani ku Kamuzu Stadium tsiku limene Bullets ikumana ndi Wanderers mukaone abambo a imvi atadzipaka utoto kumaso. Kumbukirani Januwale wa 2022, pamene Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chakutali chija pamasewero a Flames ndi Morocco ku Cameroon. Kwathu kuno abambo anatuluka m'nyumba opanda nsapato, ena akuimba zivindikiro za mapoto, oyandikana nawo amene sankalankhulana anakumbatirana pamsewu. Tinagonja 2-1, koma palibe anadzuka m'mawa mwake n'kumachita manyazi ndi mmene anadumphira. Nanga bwanji mayi amene wachapa, waphika, wasesa, akalowa m'bwalo la fulaye kwa theka la ola tizimuuza kuti wataya ulemu?

Mwafunsa kuti ena timakonda chiyani, ndiye ndikuuzeni changa chachikulu: ngumbi. Chizimalupsa chikangogwa, fungo lija la dothi lonyowa likakwera, ine mtima umayamba kale kudikira. Mvula yeniyeni ikagwa bwino chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, madzulo ake ndimazimitsa magetsi onse m'nyumba n'kusiya babu lapakhonde lokha, pansi pake beseni la madzi. Zikayamba kubwera zimabwera ngati utsi. Timazikupa ndi nsalu, timazitola pansi ndi manja, zina zimalowa m'bulauzi, zina m'tsitsi, ana ali kukuwa, ine ndili kukuwa nawo. Chaka china aneba athu, bambo aulemu wawo amene amagwira ntchito muofesi mu City Centre, anatsika galimoto n'kutipeza tili pakati pa ntchitoyi. Anaima pang'ono akutiyang'ana, kenako anavula jekete, anapinda manja a shati, n'kupempha ndowa. Anagwada nafe pamatope mpaka 9 koloko, akutisimbira mmene ankafukulira chulu ndi agogo awo ku Dowa. M'mawa ndimazikazinga pachiwaya popanda mafuta, chifukwa zili ndi mafuta akeake, kamchere pang'ono, n'kuziyanika padzuwa, kenako kupeta ndi lichero kuti mapiko achoke. Ngumbi ndikhoza kugula kumsika pa mbale, ndipo nthawi zina ndimagula, koma zogula sizikoma ngati zimene wathamangitsa wekha.

Zakudya zokha ndiye ndi nkhani yaitali. Basi ikaima pa Zalewa m'miyezi yozizira ndimagula masau, ndipo sindidikira kufika, ndimayamba kudya pompo, nthanga ndikusunga m'dzanja. Malambe ndimamung'unya mpaka nthanga iyere. Mango ang'onoang'ono aulusi aja sindiwasenda ndi mpeni, ndimawafinya kaye mpaka afewe, n'kuboola kansonga ndi mano, n'kuyamwa, madzi akutsikira m'chigongono. Nzimbe ndimasenda ndi mano pamene mpeni uli pomwepo. Mkute wowotcha pamakala m'mawa ndi tiyi ndimaukonda kuposa buledi. Mlongo wanga ali ku Johannesburg zaka zambiri tsopano, m'masitolo a kumeneko mulibe chimene chimasowa, koma wina akamapita pa basi uthenga wake ndi umodzimodzi: Sobo, malambe, ngumbi ngati ndi nyengo yake. Akalandira amaimba foni ali chotafuna, mawu ake ali ngati a mnyamata amene ndinkapita naye kokunkha mtedza.

Tsopano za mawu akuti chibwana. Kwa ine chibwana ndi kusiya ana ndi njala iwe uli kosangalala. Chibwana ndi kumwera ndalama ya fizi, kunyanyala pa zinthu zazing'ono, kuseka pamaliro, kulephera kupepesa ukalakwa. Zimenezo munthu wamkulu ayeneradi kuzisiya, ndipo ndaona anthu ovala bwino, osaseka ndi munthu, amene sanazisiye. Koma kudumpha chingwe, kusamba mvula, kutola ngumbi, kuseka mpaka misozi, zimenezi sizilanda munthu nzeru. Mwambi uja wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto umanena za kuziziritsa mikangano. Sunena kuti wamkulu azikhala ndwii tsiku lonse. Agogo anga aakazi ndi amene ankaweruza nkhani za mabanja m'mudzi mwathu, anthu ankawaopa, koma mwezi ukawala ndi iwo omwe ankati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," ndipo akafika pa Kalulu ankadzuka pamphasa n'kumayenda monyang'wa ngati Kaluluyo, makutu akupanga ndi manja. M'mawa mwake ulemu wawo unali pomwepo.

Komanso taganizirani ana athuwa. Ambiri a m'tauni akukulira m'mipanda, foni m'manja, ndipo mayina ngati phada, chipako, nsikwa ndi masanje ena akungowamva kwa ife. Masewerawa sitinawaphunzire m'buku. Ife tinawaphunzira poona achemwali athu, iwonso anaona awo. Mwana wanu wamkazi Loweruka lija anaona mayi ake akulewa mpira, akuseka, akugwa n'kudzuka. Ndikukutsimikizirani kuti adzaiwala madiresi ambiri amene munamugulira, koma tsiku limenelo sadzaliiwala. Ndipo mwana amene amasewera ndi mayi ake savutika kubwera kudzawauza chinthu chikamuvuta. Ndaziona kwa ana anga: nkhani zimene sankanena patebulo zinkatuluka tikusenda nzimbe pakhonde.

Alamu anuwo musakangane nawo, ndipo musawasungire chakukhosi. N'kutheka kuti iwonso analeredwa pouzidwa kuti ukulu ndi kuuma nkhope, kapena ankaganiza kuti akukutetezani kwa anthu olankhula. Akadzayambitsanso nkhaniyi, ingowayankhani mofatsa kuti, "Alamu, ndamva, koma ntchito zanga ndinali nditamaliza, ndipo ndinali pakhomo panga ndi ana anga." Basi. Mukatero muwafunse zimene ankasewera ali mwana. Funso limeneli sindinaonepo munthu amene analikana. Amayamba ndi "Aa, ife kale," ndipo pakutha pa mphindi zochepa akukuonetsani ndi manja mmene ankakokera legeni. Amuna anu auzeni nokha zimene zinachitika asanazimve kwina, chifukwa nkhani ikayenda pakamwa pa anthu imafika itasintha. Malo ndi nthawi timayang'ana ndithu: sitisewera pamene pakhomo pali zovuta, kapena apongozi akudikira madzi osamba. Ndipo poti mafupa si a zaka 12, valani nsapato zophwatalala, yambani pang'onopang'ono, ndipo ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena mawondo, pumani thupi likakuuzani.

Amayi anga ali ndi zaka 78. Mwezi wathawu anabwera kuno kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo masiku oyamba ankangodya pang'ono, nyama ayi, mpunga ayi. Ndinkada nkhawa. Tsiku lachitatu nditaomola nsima, ndinatenga mphika kuti ndiuthire madzi, ndipo ndinamva mawu kuchokera pakhonde: "Iwe, usanyike mphikawo." Ndinawapititsira pamodzi ndi supuni. Anaukhazika pamiyendo, anaupendeketsa kudzuwa kuti aone bwino, n'kuyamba kupala nkhoko pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, mmene ankatiletsera ife tili ana kuti tibowola mphika. Mdzukulu wanga anabwera n'kukhala pafupi akuyang'ana. Anamubenthulira kachidutswa kopsa bwino, kofiirira, kenako anandiyang'ana ine n'kundibenthuliranso kanga. Tinakhala pakhondepo atatu tikukukuta, mpaka mphika unayera.