Akufuna HR ya kubanki? Asathawe masamu

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kuti mwana wake wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna kuphunzira Human Resource Management (HR), maphunziro a kayang'aniridwe ka ogwira ntchito, kuti adzagwire ntchito kubanki, poti akuti kosiyo ilibe masamu. Mayiyo akufunsa ngati mwanayo wasankha bwino.

Mayi, kosi imene wasankhayo ndi yabwino, koma chifukwa chakecho chandidetsa nkhawa. Ofesi yoyang'anira ogwira ntchito kubanki masiku ano imayendera manambala.

Taganizirani mzere wa kumapeto kwa mwezi mumabanki a mu Victoria Avenue kapena ku Limbe, makaunta ena ali otseka. Ife makasitomala timangong'ung'udza. Munthu wa HR analytics, amene ntchito yake n'kusanthula manambala okhudza ogwira ntchito, amasonkhanitsa ndandanda ya matchuthi, nthawi za nkhomaliro, madandaulo a makasitomala ndi mphindi zimene kasitomala amatha pakaunta, n'kuziyerekeza. Mwina apeza kuti matchuthi amavomerezedwa sabata ya malipiro. Mwina apeza kuti zolakwika zambiri zikuchokera kwa antchito atsopano amene anaikidwa pakaunta asanaphunzitsidwe mokwanira, kapena kuti nthambi ina antchito sachedwa kusiya, ndiye kasitomala amakumana ndi ophunzira ntchito nthawi zonse. Komanso poti ambiri akutumiza ndalama pafoni, monga pa Mo626 ya National Bank, madandaulo ambiri amafikira kwa olandira mafoni, ndipo payenera kukhala wina wowerengera kuti kumeneko kufunika anthu angati komanso pa maola ati.

Digiri ya HR ilipo ku University of Malawi ku Zomba, ndipo konkuno ku Chichiri, MUBAS imaphunzitsa za bizinesi. Kulikonse kumene angapite, phunziro la statistics, la kusanthula manambala, aligwiritse kwambiri. Excel, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera manambala, ayambe panopa akudikira masankho a kuyunivesite; Power BI, yoonetsa manambalawo m'zithunzi, idzabwera pambuyo pake. Akadzafika chaka chachitatu afunefune malo ophunzirira ntchito kubanki, ndipo adziwane ndi bungwe la akatswiri a HR la Institute of People Management Malawi.

Mumuuzenso za chinsinsi. Adzaona malipiro, matenda ndi milandu ya anzake, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza zinthu zoterezi. Ngati masamu amamuvutadi, mupezereni womuthandiza miyezi ino asanapite kukoleji.