Suweji pageti ku Rosettenville: kodi mlendo angasaine chikalata cha madandaulo?

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Ndibwereze mwachidule zimene mwandiuza kuti ena owerenga amve pamene tikuchokera. Mukukhala pafulati ina ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, mabanja ambiri, Amalawi, anzathu a ku Mozambique ndi eni dziko omwe. Paipi ya suweji mumsewu mwanu inaphulika miyezi inayi yapitayo, zonyansa zikuyenda mpaka pageti, moti mwayala njerwa zopondapo kuti ana adutse popita kusukulu. Pamwamba pa izo madzi a pafulati anadulidwa chifukwa mwini nyumba sakulipira kukhonsolo, chonsecho inu lendi mukupereka mwezi ndi mwezi. Mwasonkhanitsa maina 140 m'kope ndipo mukufuna kuguba kukapereka chikalata cha madandaulo, koma ena akukuopsezani kuti mlendo alibe pakamwa m'dziko la eni, wolemba dzina lake akathera ku Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Amene akuti mulibe pakamwa akulakwitsa. Gawo 17 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa, amene anakhazikitsidwa mu 1996, limapereka ufulu wosonkhana, wochita zionetsero ndi wopereka zikalata za madandaulo, bola mwamtendere komanso popanda zida. Liwu limene analemba pamenepo ndi lakuti aliyense. Pamene ankafuna kuti ufulu ukhale wa nzika zokha anatchula nzika, monga pa gawo 19 lonena za kuvota ndi kuyambitsa zipani. Palinso lamulo loyendetsera makhonsolo, Municipal Systems Act la mu 2000, limene limawerengera aliyense wokhala mumzinda ngati mmodzi wa anthu a khonsoloyo, osafunsa za pasipoti. Gawo 17 la lamulo limeneli limakakamiza khonsolo kukhala ndi njira yolandirira ndi kuunika zikalata za madandaulo, ndipo gawo 5 limati wodandaula ayankhidwe msanga. Tsono City of Johannesburg ikalandira chikalata chanu, sikuti ikukuchitirani chifundo, ndi udindo wake.

Koma sindikufuna kukunamizani. Ufulu umenewu sufafaniza lamulo la olowa ndi otuluka m'dziko. Gawo 41 la Immigration Act la mu 2002 limalola wapolisi kapena ofisala wa Home Affairs kufunsa munthu mapepala ake, ndipo pa zionetsero apolisi amakhalapo ambiri. Ndi zoona kuti kuyambira pa chigamulo cha mu 2017 cha Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri m'dziko muno, munthu womangidwa kuti abwezedwe kwawo ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, koma palibe mayi amene ndingamulangize kuika ana ake pachiswe chotere chifukwa cha ulendo wa tsiku limodzi. Amene mapepala awo sali bwino asakakamizidwe kupita mumsewu, ndipo asanyozedwe kuti ndi amantha. Ntchito ya iwo ilipo yambiri: kujambula zithunzi, kusonkha ya thiransipoti, kutsala ndi ana. Patsogolo pakhale anzanu a ku South Africa ndi amene mapemiti awo ali bwino. Amene ali ndi mapepala a asayilamu adziwenso kuti malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2020 amawaletsa kuchita nawo kampeni ya ndale. Ine kudandaula za suweji sindikuona ngati kampeni, koma chipani chikabwera ndi masikipa ndi mbendera zake kuti chikuthandizeni, thokozani ndi kukana. Nkhani yanu ikavala mtundu wa chipani, theka la makhansala lidzasiya kuimva.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchigwire kwambiri. M'kalata yanu muli milandu iwiri, ndipo mukaimanga mtolo umodzi mudzaluza yonse. Suweji ndi ya khonsolo. Madzi odulidwa, gwero lake ndi mwini nyumba. Mukalemba zonse pamodzi, ofesi iliyonse idzaloza inzake chala n'kukubwezani.

Nkhani ya madzi sifunika maina 140, ifunika malisiti. Pitani ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya eni nyumba ndi alendi (anthu ochita lendi), limene linakhazikitsidwa ndi Rental Housing Act la mu 1999. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, simufunika loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu yofanana ndi cha majisitireti. Tengani pangano la lendi ngati lilipo, malisiti kapena mauthenga a kubanki oonetsa kuti mumalipira. Ngati mwakhala mukupereka ndalama pamanja, yambani mwezi uno kufuna lisiti, chifukwa lamulo lomwelo limamukakamiza mwini nyumba kulemba lisiti. Ndikudziwa kuti mtima ukukuuzani kuti musiye kulipira lendi mpaka madzi atabwera. Musatero musanakambirane ndi loya, chifukwa ngongole ya lendi ndi mpeni umene mwini nyumba adzapite nawo kukhoti kukakutulutsani. Panopa alibe mphamvu yokutsekerani zitseko kapena kutaya katundu wanu panja: gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko ndi lamulo la PIE la mu 1998 amati munthu satulutsidwa m'nyumba popanda chilolezo cha khoti.

Khonsolo nayo ili ndi funso loti iyankhe pa madziwo. Mu 2009, pa mlandu wa Joseph, alendi a pafulati ya Ennerdale Mansions konkuno ku Johannesburg anadulidwa magetsi chifukwa cha ngongole ya mwini nyumba. Constitutional Court inagamula kuti ngakhale alendiwo analibe pangano ndi City Power, kampani ya magetsi ya mzindawu, anayenera kuchenjezedwa masiku 14 magetsi asanadulidwe. Mlanduwo unali wa magetsi, koma Water Services Act la mu 1997 nalonso limafuna chenjezo ndi mpata woti munthu anene mbali yake madzi asanadulidwe. Funsani anzanu onse pafulatipo ngati wina anaonapo pepala la chenjezo pakhoma kapena pageti. Ngati palibe, loya ali ndi poyambira.

Tibwere ku suweji, kumene chikalata chanu chikagwire ntchito. Kwathu tinazolowera kuti chikalata cha madandaulo chimakhala chachitali, chodzaza mavuto onse a m'boma, n'kukachisiya m'manja mwa DC anthu akuimba. Kuno chikalata chotere chimangolowa m'fayilo. Chanu chikhale tsamba limodzi. Tchulani msewu ndi malo enieni pamene paphulika, tsiku limene zinayamba, ndi manambala onse amene Johannesburg Water inakupatsani pamene munkaimba foni kudandaula. Ngati simunasunge manambalawo, imbaninso lero, mulembe nambala, tsiku ndi ola. Ikanipo zithunzi za masiku osiyanasiyana, njerwa zija zioneke. Ngati pali ana amene anatsegula m'mimba, nenani kuti ndi angati ndipo makadi a kukiliniki alipo, koma maina a ana musawalembe. Pomaliza nenani chimene mukufuna m'mawu oti munthu angathe kuchichita: paipi ikonzedwe, msewu utsukidwe, ndipo mulandire yankho lolembedwa pasanathe masiku 14. Lembani m'Chingerezi, koma muwerengere anthu m'Chichewa, m'Chizulu ndi m'Chipwitikizi asanasaine.

Kope lija lisatuluke m'nyumba. Anthu analemba maina awo pamasamba opanda mawu a chikalata, ndiye wina akhoza kunena kuti sankadziwa chimene ankasainira. Konzani mapepala atsopano, lililonse likhale ndi pempho lanu pamwamba, pansi pake dzina, msewu ndi siginecha. Uzani aliyense poyera kuti pepalali likupita ku ofesi ya boma, asankhe yekha. Fomu ikafuna nambala ya chitupa, amene sakufuna kuipereka asiye posalemba, koma asapeke nambala kapena dzina, chifukwa bodza limodzi lokha likhoza kuipitsa chikalata chonse n'kumubweretseranso mlandu. Maina 60 enieni a anthu okhala mumsewu womwewo ndi olemera kuposa mazana a maina a pa intaneti ochokera kwa anthu amene sanaponde pa njerwazo. Musalembemonso kuti wakutiwakuti ndi wakuba kapena anadya ndalama ngati mulibe umboni. Kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu, ngakhale mutalemba pagulu la WhatsApp kapena pa Facebook.

Chikalatacho chipite kwa khansala wa wodi yanu, ku ofesi ya Region F imene Rosettenville ili pansi pake, ndi ku ofesi ya sipikala wa khonsolo, kumene kuli komiti yoona za zikalata zotere. Khansala ndi wa onse okhala mu wodi, ovota ndi osavota omwe. Kulikonse kumene mwapita nyamulani makope awiri, ndipo musachoke pakauntala asanadinde chidindo cha tsiku pa kope lanu ndi kulemba dzina la wolandira. Akakuuzani kuti ingosiyani pamenepo, khalani pabenchi mpaka chidindo chipezeke.

Ndikulimbikira za chidindo chifukwa cha zimene tonse tinaona pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa n'kupha anthu 76, mwa iwo abale athu a ku Malawi. Komishoni imene inatsogoleredwa ndi Justice Sisi Khampepe inapeza kuti khonsolo inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma sinachite zoyenera. Funso lalikulu pa milandu yotere limakhala lakuti ndani ankadziwa, ndipo kuyambira liti. Pepala lodindidwa ndilo limayankha funso limeneli. Mwana wina akadzadwala kwambiri mumsewu mwanu, ofesi isadzapeze ponena kuti sinamve.

Masiku amene munapereka akatha popanda yankho, muli ndi makomo ena. Mzindawu uli ndi Ombudsman wakewake. Nyumba ya malamulo ya chigawo cha Gauteng ili ndi komiti imene imamva madandaulo motsatira Gauteng Petitions Act la mu 2002, ndipo ikhoza kuitanitsa akuluakulu kuti adzafotokoze. South African Human Rights Commission imalandira nkhani za suweji chifukwa gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wokhala pamalo osaononga thanzi lake. Ndipo pansi pa lamulo la PAJA la mu 2000, loona kuti maofesi a boma azipanga ziganizo mwachilungamo, kukhala chete kwa ofesi imene inayenera kupanga chiganizo ndi nkhani yoti khoti lingaunike. Apa ndi pamene makope odindidwa aja amasanduka umboni.

Kuguba ndikukuika kumapeto dala, koma ufulu wake muli nawo. Lamulo lake ndi Regulation of Gatherings Act la mu 1993. Anthu 15 kapena ochepera apo akhoza kukapereka chikalata ndi zikwangwani zawo popanda kudziwitsa aliyense, ndipo kwa inu ine ndikuona kuti iyi ndiyo njira yoyamba: amayi ndi abambo khumi amapepala abwino, zithunzi m'manja. Mukapitirira 15, mtsogoleri wa ulendowo apereke chidziwitso cholembedwa masiku 7 lisanafike tsikulo. Ku Johannesburg nkhaniyi imayendetsedwa ndi JMPD, apolisi a khonsolo ya mzindawu. M'chidziwitsomo mumalemba mtsogoleri ndi wachiwiri wake, cholinga, tsiku, nthawi, njira imene mudutse, chiwerengero cha anthu ndi cha osungitsa bata anu, komanso munthu amene mukamupatse chikalata ndi malo ake. Ichi ndi chidziwitso, si kupempha chilolezo. Akapanda kukuitanani kumsonkhano pasanathe maola 24, lamulo limati ulendo ukhoza kuchitika monga munalembera. Akakuitanani, pitani anthu awiri kapena atatu, ndipo zonse zimene mwagwirizana zilembedwe. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama, dziwani kuti mu 2022 High Court ya ku Johannesburg, pa mlandu umene anasuma a bungwe la Right2Know, inagamula kuti kulipiritsa anthu ochita zionetsero n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Akaletsa ulendowo, muli ndi maola 24 okha okadandaula kwa majisitireti, ndiye nambala ya loya ikhale pafupi.

Mudzamva ena akunena kuti chidziwitso sichifunikanso. Chimene akunena ndi mlandu wa Mlungwana wa mu 2018, wa anthu a ku Khayelitsha amene ankadandaula za zimbudzi, pamene Constitutional Court inati kulephera kupereka chidziwitso pakokha si mlandu womangira munthu. Izo n'zoona, koma inu perekanibe. Chidziwitso ndicho chimapangitsa kuti apolisi abwere kudzakutetezani mumsewu, ndipo alendo oguba m'tauni muno chitetezo amachifuna kuposa wina aliyense.

Mtsogoleri adziwenso katundu amene akusenza. Pa mlandu wa Garvas mu 2012, khoti lomwelo linavomereza kuti okonza zionetsero akhoza kulipitsidwa katundu akaonongeka, pokhapokha ataonetsa kuti anachita zonse zotheka kuti zisachitike. Choncho sankhani osungitsa bata odekha, avale zoti aziwoneka. Pasapezeke chibonga, mpeni kapena wobisa nkhope. Anyamata ofuna kuwotcha matayala ndi kutseka msewu ndi miyala muwaletse kusanache, chifukwa mlandu wa chipolowe umamangitsa, ndipo kwa mlendo umadzamutsata tsiku lokakonzanso pemiti. Njira yanu isadutsenso pafupi ndi khoti, popeza mkati mwa mamita 100 kuchokera pabwalo la milandu pamafunika chilolezo cholembedwa cha majisitireti.

Kalata imodzi singalowe m'malo mwa loya amene waona mapepala anu. Maloya a mabungwe a SERI, Lawyers for Human Rights ndi Wits Law Clinic onse ali ku Braamfontein, ndipo amathandiza anthu osauka pa nkhani za nyumba kapena za alendo. Yambani ndi madzi, chifukwa ana sangadikire komiti. Lolemba m'mawa musonkhanitse malisiti a miyezi itatu yapitayi kuchokera ku banja lililonse, muwaike mu envulopu imodzi pamodzi ndi pepala lolembapo tsiku limene mipopi inauma, ndipo mupite nawo anthu awiri, mmodzi akhale mnzanu wa konkuno.