Mayi akufuna kutenga mwana wa Down syndrome, afunsa ngati kusonkhetsa ndalama ndi kulakwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina sinditchula, ndipo ndinawapempha kuti ndiwayankhire pano poti ndikudziwa alipo ena ali ndi funso lomweli koma angokhala nalo mumtima. Mwachidule iwo ndi amuna awo ali ndi ana awiri obereka okha, ndipo kwa miyezi ingapo akhala akukaona kamtsikana ka zaka zitatu kumalo osungira ana, kali ndi Down syndrome, mpaka mitima yawo yagwirizana zoti akatenge mwalamulo kakhale kawo. Chavuta ndi ndalama za loya, za kukhothi, za kuchipatala ndi maulendo. Akuganiza zotsegula gulu la WhatsApp ndi kulemba pa Facebook kuti anthu asonkhe, koma apongozi awo aakazi awafunsa kuti "ngati za kumutengera zakukanikani, mudzamulera ndi chani?" Nde akufunsa ngati kupempha ndi kulakwa, ngati aike chithunzi cha mwanayo, komanso kuti akonzekere bwanji.

Mayi, ndiyambe ndi apongozi anuwo chifukwa kalembedwe kanu kakuonetsa kuti mawu aja anakulasani. Musawakwiyire ayi. Afunsa mokalipa koma funso lawo lili ndi nzeru mkati, kungoti asakaniza ndalama za mitundu iwiri. Pali ndalama zomwe mulipira kamodzi basi nkhani nkutha, loya, zikalata, maulendo, kupimitsa koyamba, bedi la mwana. Izi kupempha anthu akuthandizeni palibe chamanyazi, mutu umodzi susenza denga. Koma pali zina zomwe zimayamba tsiku lomwe mwana walowa pakhomo ndipo sizitha, zokwerera kupita ku mafizo sabata ndi sabata, mankhwala, kupimitsa chaka ndi chaka, matewera amene mwina avala nthawi yaitali kuposa mmene anavalira ana anu aja, masiku amene mmodzi wa inu ajomba kuntchito chifukwa mwana wagonekedwa. Izizi gulu la WhatsApp silingasenze. Anthu amapereka nkhani ikakhala yatsopano, pakapita miyezi itatu gulu lija mumangotsala inu ndi munthu mmodzi wotumiza mavesi m'mawa, ndipo si kuti ndi oipa mtima, ali ndi mavuto awo.

Nde musanatsegule gulu lililonse khalani pansi ndi bambo a kunyumbako, pepala ndi cholembera, mulembe bajeti ya mwezi wamba mwanayo ali kale pakhomo, osawerengera olo kakobiri kamodzi kochokera kwa anthu. Ikakwana, ngakhale mothina, pitirizani. Ikapanda kukwana musadzinamize kuti zidzaoneka konko, dikirani kaye mukonze, poti mwana amene anasiyidwapo kale kamodzi chinthu choopsa kwambiri kwa iye ndi kutengedwa kenako nkubwezedwa.

Kuti bajetiyo ikhale yoona muyenera kudziwa chimene Down syndrome ili. Ine ndili ndi mwana wa mchemwali wanga amene anabadwa nayo nde zina ndaziona ndi maso. Munthu amakhala ndi makromozomu 46, tinthu ta m'maselo a thupi tonyamula zimene timatengera kwa makolo, koma mwana wa Down syndrome amakhala ndi 47 chifukwa ya nambala 21 imakhala itatu m'malo mwa iwiri, nchifukwa chake tsiku lokumbukira anthu amenewa linaikidwa pa 21 March, tsiku la 21 mwezi wachitatu. Dzinalo linachokera kwa dokotala wa ku England John Langdon Down amene anafotokoza zizindikiro zake mu 1866, koma za kromozomu yoonjezerayo zinadziwika mu 1959 ku Paris. Si matenda opatsirana, palibe chimene mayi ake analakwitsa, ndipo palibe mankhwala ochotsa. Amene adzakuuzeni kuti ali ndi mankhwala ochiritsiratu akufuna ndalama zanu basi.

Chofunika kwambiri panopa ndi mtima wa mwanayo. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima, ena kabowo kakang'ono kamene kamatsekeka kokha, ena lalikulu lofuna opaleshoni, ndipo ena akachedwa nayo opaleshoniyo mitsempha ya m'mapapo imaonongeka moti kenako sizithekanso kukonza. Mwalemba kuti akumalo osungira anako anakuuzani kuti "ali bwinobwino, amadya, amasewera". Mayi, kumeneko si kupima. Funsani ngati anamujambulapo mtima ndi makina oonera mkati mwa mtima otchedwa eko, ndipo muone pepala lake ndi maso anu. Ngati sanatero, ndalama zoyamba kusonkha zipite pamenepo, kudzera mwa amene ali ndi udindo pa mwanayo panopa. Sindikunena kuti mukapeza vuto mumusiye ayi, ndikuti mulowe mukudziwa, ndipo chiwerengero chimene muuze anthu chikhale choona. Pambuyo pa mtima pali makutu, ambiri samva bwino chifukwa madzi amadzadza mkati mwa khutu, nde anthu amangoti mwana ndi wosamvera kapena sadzayankhula pomwe vuto ndi loti sakumva. Pali maso. Pali chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chimene chimafunika kupimitsa magazi chaka chilichonse poti chikafooka mwana amangogona, kunenepa, kuchedwa pa chilichonse, koma mankhwala ake ndi kambewu kamodzi patsiku. Ndiye minofu yawo imakhala yofewa, nchifukwa amachedwa kukhala, kuyenda ndi kutafuna, mafizo amathandiza kwambiri pamenepa ndipo ambiri mudzaphunzira kumupangitsa nokha pakhomo.

Tsopano za chithunzi. Musaike. Ndikudziwa chithunzi cha kamwana komwetulira chimabweretsa ndalama msanga kuposa mawu, aliyense amadziwa zimenezo, koma mwanayo pakali pano si wanu mpaka khothi linene, mulibe chilolezo chomuonetsa kudziko, ndipo m'maiko ambiri kufalitsa nkhope ya mwana amene nkhani yake ili m'manja mwa boma kukhoza kukuonongerani nkhani yonse. Olo lamulo likanalola, taganizani, intaneti siiwala. Anthu a Down syndrome masiku ano ambiri akufika zaka 60, amaphunzira kuwerenga, amagwira foni, tsiku lina mtsikana ameneyu adzakhala wa zaka 20 nkupeza nkhope yake pansi pa mawu oti "thandizani mwana wosiyidwa uyu", pamodzi ndi mbiri yonse ya mayi ake omubereka ndi matenda ake. Mbiri imeneyo ndi yake, adzasankha yekha womuuza. Ikani chithunzi chanu inu ndi amuna anu, kapena cha kachipinda kamene mukukonza, mulembe kuti banja lathu likukula, tikuyembekezera mwana wamkazi amene adzafuna chisamaliro chapadera, tikufuna zakuti pa zakutizakuti. Zakwana. Komanso pewani kalembedwe kodzipanga mpulumutsi, koti tikukamupulumutsa kumavuto, anthu amaombera m'manja zoona koma ana anu awiri aja akuwerenga nawo, ndipo mng'ono wawo adzakula ngati munthu wangongole m'nyumba ya kwawo komwe.

Pa kasungidwe ka ndalama ndine wouma mtima pang'ono chifukwa ndinapsapo. Ndinasonkha nawo kwa banja lina pa nkhani yofanana ndi iyi, zinthu sizinatheke pa zifukwa zomveka ndithu, koma sanatiuze kanthu, gulu linangotsekedwa usiku, mpaka lero ndikakumana nawo moni wake amakhala wozizira. Nde inu tsegulani akaunti yapadera, isasakanikirane ndi ya pakhomo. Pezani munthu wina amene si m'bale wanu aziona nawo zolowa ndi zotuluka. Sungani malisiti onse. Ndipo nenani poyamba pomwe kuti khothi likakana, kapena m'bale wa mwanayo akatulukira nkumutenga, ndalama zotsala mudzabweza kapena zidzapita kuti, anthu apereke akudziwa. Mukagwiritsa ntchito masamba a pa intaneti osonkhetsera ndalama ngati GoFundMe werengani kaye ngati amagwira ntchito m'dziko lanu ndi zimene amadula pa ndalama iliyonse yolowa.

Ndipo chonde ndalama zimenezi zisapite m'manja mwa munthu aliyense woti "afulumizitse mapepala", kapena kwa achibale a mwanayo ngati kuthokoza asanasaine. Zimaoneka ngati chifundo koma pamalamulo zimafanana ndi kugula mwana. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 21, limati pa nkhani yotenga mwana chimene chili patsogolo ndi ubwino wa mwanayo, ndipo pangano la ku Hague la 1993 lokhudza kutenga ana kuchokera dziko lina limanena kuti chilolezo cha makolo chisapezeke chifukwa cha malipiro. Malamulowa sanangobwera, ku Guatemala anatseka zotumiza ana kunja mu 2008 chifukwa ana anasanduka malonda, Ethiopia nayo inaletsa mu 2018. Ana ambiri okhala m'malo osungira ana ali ndi kholo kapena m'bale wamoyo, makamaka ana aulumali amene nthawi zambiri anasiyidwa chifukwa cha umphawi ndi mantha. Choncho a boma oona za chisamaliro cha ana akamachedwa pofufuza achibale, akamabwera kunyumba kwanu kudzaona pogona ndi kufunsa mafunso okwiyitsa a malipiro anu ndi banja lanu, musawaone ngati adani, kufufuza kumeneko ndi kumene kudzakutetezeni munthu wina akadzabwera patapita zaka zisanu nkumati mwana wanga munamuba. Yambirani kwa iwowo, gulu la WhatsApp libwere pambuyo atakuuzani kuti njira ndi yotseguka.

Pali china chimene simunafunse koma ndi chimene chimagwetsa ulesi makolo ambiri. Mwalemba mosangalala kuti tsiku loyamba lomwe anakuthamangirani nkukukumbatirani. Sindikufuna kukuphwanyirani chimwemwe koma kaoneni ngati sachita chimodzimodzi kwa mlendo aliyense wolowa pageti. Mwana amene wakula ndi omusamalira osinthanasinthana amaphunzira kuti wamkulu aliyense ndi chimodzimodzi, sadziwa kuti mayi ndi chani, ndipo anthu amangoti ana a Down syndrome ndi achikondi, osadziwa kuti zina ndi chilonda. Boma la pulezidenti Ceaușescu litagwa ku Romania mu 1989 kunapezeka ana ambirimbiri m'malo osungira ana, ndipo akatswiri atatu, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsatira ana 136 a ku Bucharest kwa zaka zambiri, anapeza kuti amene anapita m'mabanja anachita bwino kuposa otsala, makamaka amene anapita asanakwane zaka ziwiri. Wanuyu ali ndi zitatu, sikuti mwachedwa, koma muyembekezere ntchito. Akhoza kumadzigwedeza yekha pogona, kubisa chakudya, kusalira akavulala chifukwa anazolowera kuti kulira sikubweretsa munthu, kapena kukana bambo kwa miyezi. Nde masabata oyambirira musapange chiphwando choitana onse amene anasonkha kuti adzamunyamule, ndikudziwa adzadandaula, auzeni kale panopa. Womudyetsa, womusambitsa, womutonthoza akhale inu awiri basi mpaka adziwe kuti akagwa athamangire kwa ndani. Funsaninso amene akumusamala panopa nthawi yomwe amagona, kanyimbo kamene amamuimbira, mawu kapena zizindikiro zomwe amagwiritsa ntchito akafuna madzi, ndipo ngati ali ndi kansalu kapena kachidole kake mutenge, olo kakhale kakuda bwanji musakachape tsiku loyamba.

Ana anu awiri aja muwauze zoona, kuti padzakhala masiku amene amayi adzagona kuchipatala, ndipo ndi bwino kukwiya nazo nthawi zina. Musawalonjeze kachidole kosewera nako, komanso musawalembe ntchito ya unesi. Ndipo inu ndi amuna anu mukambirane funso lowawa lija, loti inu mukadzapita ndani adzakhale naye, poti mwina adzakhala ndi moyo zaka zambiri inu kulibe. Zimenezi zilembedwe mu wilo, munthuyo afunsidwe ndipo avomere ndi pakamwa pake, osangoganiza kuti wamkuluyo adzamutenga.

Bajeti ija mukamaliza, munthu woyamba kumuonetsa akhale apongozi anu, muwauze kuti amayi funso lanu lija talilingalira, yankho lake ndi ili. Ngati akumaloko alola, ulendo wotsatira mupite nawo akamuone okha. Mundilemberenso mukamva zotsatira za eko.