Kukwera sitima ndi mayi okalamba

Mwafunsa ngati mayi anu a zaka 78, omwe amayendera ndodo, angakwanitse ulendo wa pa sitima. Angakwanitse ndithu, koma pokonzekera musangoyang'ana pakhomo la siteshoni.

Povuta kwenikweni ndi pochoka pa pulatifomu kuponda m'sitima. Pamakhala mpata, ndipo ngati siteshoniyo ili pomwe njanji yakhota, mpatawo umakula. Ndodo ikangolowa pamenepo, mwini wake amaitsatira. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa mawondo ndiwo amasenza thupi lonse, uku anthu akukankhana kumbuyo. Inuyo tsikani kaye, muwalandire ndi manja awiri. Katundu akhale m'chikwama cha kumsana, osati m'manja.

Imbirani akusiteshoni tsiku lisanafike. Afunseni ngati pulatifomu yanu imafikika popanda masitepe, komanso ngati chikepe chikugwira ntchito tsikulo (kukhalapo kokha si kanthu, zikepe zimafa). Masiteshoni ambiri akuluakulu amapereka wantchito wothandiza okalamba mukawadziwitsiratu, ena ali ndi chikuku.

Zolengeza za pa zokuzira mawu musazidalire ngati mayi amamva movutikira. Fikani msanga, muwapezere benchi pafupi ndi pokwerera.