Tifunseni: Kodi ndi ulesi, kapena ndi malo antchito?

Mafunso a mwezi uno ayankhidwa ndi akatswiri a zaumoyo wa anthu pantchito.

Akonzi, ine ndimayang'anira anthu 12 mu ofesi ya chipinda chimodzi. Ikangokwana 2 koloko masana anthu amayamba kuodzera, ena kudandaula mutu, ndipo zolakwika m'mabuku zimachuluka. Mawindo timatseka chifukwa cha fumbi la mumsewu, koma tili ndi makina oziziritsira mpweya. Anzanga akuti vuto ndi nsima ya nkhomaliro. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

Mayi, nsimayo musaiimbe mlandu wonse. Thupi la munthu limafookako lokha pakati pa 1 ndi 3 koloko masana, adye asadye. Koma kupweteka kwa mutu ndi zolakwikazo zikutilozera ku mawindo otsekawo.

Munthu aliyense akamapuma amatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Panja mpweyawu umakhala pafupifupi 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa miliyoni. M'chipinda chotseka cha anthu 12 umaunjikana kuyambira m'mawa, ndipo pofika masana ukhoza kupitirira 1,500. Makina oziziritsira aja, ngati ali opachika pakhoma, salowetsa mpweya wa panja ayi. Amangotenga womwewo wa m'chipinda, kuuziziritsa n'kuubweza. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika: munthu ukalowa kumamveka kozizirira bwino, chonsecho anthu akupumirana mpweya umodzimodzi tsiku lonse.

Mu 2012 ofufuza a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku America anaika anthu 22 m'chipinda chomwe ankachisintha mpweya, nthawi ina 600 ppm, ina 1,000, ina 2,500, n'kumawapatsa mayeso a kapangidwe ka ziganizo. Pa 1,000 zotsatira za mayesowo zinatsikako, pa 2,500 zinatsika kwambiri. Gulu la Joseph Allen ku yunivesite ya Harvard linapezanso zoterezi pa anthu 24. Konse kuwiri anthu anali ochepa, ndipo ofufuza ena pobwereza sanapeze kusiyana kwakukulu chonchi, choncho sitinganene kuti carbon dioxide payekha ndiye akugoneka antchito anu. Chomwe palibe amatsutsa n'chakuti nambalayi ikakwera, mpweya sukusinthana, ndipo pamodzi nawo mukuunjikana fungo la utoto, fumbi ndi tizilombo ta chimfine ndi TB.

Ngati mungathe, gulani kachipangizo koyezera carbon dioxide, makamaka kolembedwa kuti NDIR. Kayeseni panja kaye: kakasonyeza nambala yotalikirana kwambiri ndi 420, kali ndi vuto. M'chipindamo kaikeni pamsinkhu wa tebulo, kutali ndi windo ndi chitseko, ndiponso osachepera theka la mita kuchokera pakamwa pa munthu, apo ayi kazingowerenga mpweya wa munthu mmodziyo. Lembani nambala pa 8, pa 11 ndi pa 2 koloko kwa sabata yathunthu. Bungwe la Health and Safety Executive, loona za chitetezo pantchito ku Britain, linanena kuti pansi pa 800 mpweya uli bwino, ndipo ikamakhalitsa pamwamba pa 1,500 pafunika kukonza. Kukonzako nthawi zambiri sikulira ndalama. Tsegulani windo la mbali yosayang'ana kumsewu pamodzi ndi chitseko, kuti mphepo ilowere uku itulukire uko, chifukwa windo limodzi lokha silikoka mpweya mokwanira. Chitani zimenezi kwa mphindi khumi chakum'mawa ndi chakumasana, ndipo pa nkhomaliro anthu atuluke, chipinda chitsale chotsegula.

Ikaninso choyezera kutentha patebulo. Olli Seppänen ndi William Fisk ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2006 anapeza kuti ntchito ya mu ofesi imayenda bwino kwambiri pa madigiri 22, ndipo pa 30 imatsika ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse. Tsiku lomwe magetsi azima mu Okutobala, ntchito yowerengera ndalama ichitike m'mawa.

Abwana athu amakonda kunena kuti nkhawa ya ntchito ndi ya akuluakulu, ife ang'onoang'ono timangouzidwa zochita ndiye tilibe choganiza. Koma ine tulo sindiliona, ndipo kuchipatala akuti BP yanga yakwera. Kodi ndikungodzimvera chisoni? Ndine kalaliki wa ku Blantyre.

Ayi bambo, simukudzimvera chisoni, ndipo pamenepa abwana anu aphonya. Funso lanuli linafufuzidwa kwa zaka zambiri ku London. Kafukufuku wa Whitehall anayamba mu 1967 ndi amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma la Britain. Patapita zaka khumi zinaoneka kuti a m'magiredi apansi penipeni, monga amesenjala ndi olondera pakhomo, ankamwalira mowirikiza katatu poyerekeza ndi akuluakulu a pamwamba. Sikuti panali magulu awiri okha, olemera ndi osauka. Giredi iliyonse inali ndi imfa zochuluka kuposa giredi ya pamwamba pake, ngati makwerero. Fodya, BP ndi mafuta a m'magazi zinafotokoza gawo chabe la kusiyanaku.

Mu 1985 Michael Marmot anayambitsa gawo lachiwiri ndi amuna ndi akazi 10,308, ndipo china chachikulu chomwe chinatulukira ndi chomwe abwana anu akuchiyesa mpumulo: kusowa chonena pa ntchito yako. Robert Karasek anali atafotokoza kale mu 1979 kuti chodwalitsa si kuchuluka kwa ntchito kokha, koma ntchito yambiri ikakumana ndi ufulu wochepa wosankha kagwiridwe kake. Bwana ali ndi zambiri m'mutu, inde, koma akhoza kusuntha msonkhano kapena kupatsira wina. Kalaliki amene anthu atatu amuponyera mafayilo patebulo, aliyense akuti lake lituluke lero, alibe kothawira. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa anthu oposa 197,000 a ku Ulaya, wosonyeza kuti opanikizika motere ali pachiopsezo cha matenda a mtima chokwera ndi 23 pa 100 alionse.

BP yo pitirizani kuyezetsa ndipo mankhwala mumwe monga akuuzirani, chifukwa zoyambitsa zake n'zambiri. Kuntchitoko, kwa milungu iwiri lembani m'kabuku ntchito iliyonse yomwe mwapatsidwa, wokupatsani, nthawi yake ndi pomwe akuifuna. Mukapita kwa abwana musakanene kuti mwatopa basi, akakuuzani kuti aliyense watopa. Kawaonetseni kabukuko n'kupempha zinthu zogwirika: munthu mmodzi yekha azinena ntchito yoyambirira kugwiridwa, ndandanda ya sabata izidziwika Lolemba, ndipo ntchito zosafulumira muzizikonza nokha mmene zitsatanirane.

Kampani yathu yaika padera ndalama za umoyo wa antchito. Tikuganiza zochititsa tsiku la masewera olimbitsa thupi ndi kuitana munthu wodzakamba nkhani zolimbikitsa. Kodi zimathandiza? Ndine woona za antchito, ku Mzuzu.

Tsikulo anthu adzasangalala, ndipo kusangalala si kolakwika. Koma musayembekezere kuti lisintha thanzi lawo. Mu 2024 William Fleming wa ku yunivesite ya Oxford anaunika mayankho a antchito 46,336 a m'mabungwe 233 ku Britain, ndipo anapeza kuti omwe analowa nawo maphunziro opirira nkhawa, osinkhasinkha ndi ena otere sanali bwino kuposa anzawo omwe sanalowe. Ku yunivesite ya Illinois ku America anachita maere pa antchito pafupifupi 5,000, ena kuwaitanira ku pulogalamu ya zaumoyo ena ayi, ndipo sipanaoneke kusiyana kwenikweni pa ndalama za kuchipatala kapena kujomba. Anaonanso kuti omwe amathamangira mapulogalamu otere ndi omwe ali athanzi kale. Ife zimatiwawa kuona munthu amene malipiro ake achedwa akuphunzitsidwa kapumidwe kochotsa nkhawa.

Yambani mwafunsa antchitowo. Mafunso asapitirire 15, okhudza kuchuluka kwa ntchito, maola, ufulu wosankha, khalidwe la akapitawo, ndi zinthu monga zimbudzi, madzi akumwa ndi mipando. Asalembe mayina, ndipo musaulutse zotsatira za gulu la anthu osakwana khumi, chifukwa aliyense adziwa kuti wanena ndani. Pasanathe mwezi auzeni zomwe zatuluka, sankhani ziwiri zokha, zikonzeni, n'kufunsanso mafunso omwewo pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mukafunsa koma osachitapo kanthu, ulendo winawo sadzakuuzaninso zoona.

Mwana wanga amagwira ntchito pachigayo kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Akabwera amati m'makutu mukulira, ndipo wailesi amaikweza kwambiri. Amatseka m'makutu ndi thonje. Ndichite mantha? Ndine kholo la ku Kasungu.

Inu kholo, chitanipo kanthu msanga. Kulira kwa m'makutuko n'chizindikiro chakuti phokoso likuvulaza timaselo ta mkati mwa khutu, ndipo timeneti tikafa sitimeranso. Malire omwe akatswiri a bungwe la NIOSH ku America amalangiza ndi madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 85 kwa maola 8. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu, nthawi imadulidwa pakati: pa 88 maola anayi, pa 91 awiri, pa 94 ola limodzi. Poyesa popanda chipangizo, aime motalikirana mkono umodzi ndi mnzake chigayo chikulira. Ngati sangamvane popanda kukuwa, malirewo apitirira.

Thonje siliteteza. Afunika zotsekera m'makutu za siponji kapena zovala ngati mahedifoni. Za siponjizo ambiri amavala molakwika, amangozikhazika pakhomo pa khutu. Azifinye ndi zala zoyera mpaka zitawonda, adutsitse dzanja lina pamwamba pa mutu n'kukokera khutu m'mwamba, alowetse, ndipo agwirizire masekondi 30 kuti zifufume mkati. Asamazivule chigayo chikulira, ngakhale kwa kanthawi kolankhula ndi kasitomala.

Maolawo nawonso achuluka: ndi 72 pa sabata, pomwe lamulo la zantchito la Malawi la mu 2000 limaika maola 48, osawerengera ovataimu. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO, oona zaumoyo ndi zantchito padziko lonse, anapeza kuti ogwira maola 55 kapena kuposera apo pa sabata ali pachiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 pa 100 alionse poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Apemphe mwini chigayo kuti azisinthana ndi mnzake, wina pamakina wina polandira ndalama panja, ndipo akakana, ofesi ya zantchito ya m'boma lanu imalandira madandaulo otere. Mupite nayenso kuchipatala akamuyeze makutu, ndipo tsiku loyezalo asadzere kuchigayo, chifukwa khutu lomwe langochoka m'phokoso limasokoneza zotsatira.